Chiwetel Ejiofor: kodi mphamvu imene ana anga anaiona inachokera pasiteji?

Naphiri

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wa kusekondale ndipo ndimayang'aniranso kalabu ya zisudzo pasukulu pathu. Sabata yatha ndinawaonetsa ana a m'kalabuyi filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, ija yofotokoza za William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, ndipo zimene zinachitika m'chipindamo ndi zimene zandikakamiza kuti ndilembe. Chakumayambiriro anawo ankaseka bambo ake a William akangotsegula pakamwa, chifukwa Chichewa chawo chimamveka chachilendo m'khutu la mwini chilankhulo. Koma titafika paja mnyamatayo akupempha njinga ya bambo ake kuti aiphwasule, bambowo n'kupsa mtima, m'chipinda monse munangoti zii, ndipo mtsikana wina amene ankaseka kuposa anzake onse ndinamuona akupukuta misozi ndi kolala ya bulauzi. Filimu itatha, mnyamata wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti zimatheka bwanji kuti munthu wosadziwa bwino chilankhulo chathu atilize ife eni ake, ndipo yankho limene ndinamupatsa silinandikhutiritse ngakhale ine ndemwe.

Ndikudziwa kuti amene anatenga mbali ya a Trywell Kamkwamba, bambo ake a William, ndi a Chiwetel Ejiofor, omwenso analemba ndi kutsogolera filimuyo, ndipo ndinamvako kuti asanatchuke m'mafilimu anali munthu wa pasiteji. Ndikupempha inu amene mukuidziwa bwino mbiri yawo kuti mundifotokozere kumene anachokera ndi njira imene anadutsa, makamaka ngati zisudzo za pasiteji ndizo zinawapatsa mphamvu imene ana anga anaiona. Ndikufunsa chonchi chifukwa ana ambiri m'kalabu yathu masiku ano mtima wawo uli pa timakanema tapafoni, ndipo ndikawauza kuti tiyeserere sewero lathunthu kwa mwezi wonse amaona ngati ndikuwatayitsa nthawi ndi zinthu zachikale. Ndikufuna kuwauza zoona zokhazokha, osati kungowanyengerera kuti azibwera.

Chisale

Zikomo Mayi Naphiri chifukwa cha funso lanu. Ndakhala ndikutsatira ntchito za mkuluyu kwa zaka zambiri, choncho mundilole ndiyambire patali.

Chiwetel Ejiofor anabadwa pa 10 Julayi 1977 ku Forest Gate, kum'mawa kwa mzinda wa London, kwa makolo a mtundu wa Igbo ochokera ku Nigeria. Bambo ake anali dokotala ndipo mayi ake anali katswiri wa mankhwala wa m'famase. M'chaka cha 1988, iye ali ndi zaka 11, banjali linapita kwawo ku Nigeria ku ukwati, ndipo galimoto imene anakwera ndi bambo ake inawombana ndi lole. Bambo akewo anamwalira pa ngoziyo, pamene iye anavulala kwambiri koma anapulumuka. Zipsera zimene mumaziona pamphumi pake kamera ikamuyandikira si zodzoladzola za ojambula, koma ndi za ngozi imeneyo. Mayi ake anatsala ndi ana okha ku London n'kuwalera, ndipo mlongo wake, Zain Asher, ndi uja amawerenga nkhani pa CNN. Sindikufuna kunena kuti umasiye ndiwo unamupanga kukhala katswiri, koma ndimaona kuti mbali zimene wazichita bwino koposa ndi za bambo amene akulimbana kuti asataye ana ake, ndipo ndimakhulupirira kuti zimenezi sizinangochitika mwangozi.

Anaphunzira ku Dulwich College, sukulu yakalekale ya kum'mwera kwa London imene inakhazikitsidwa mu 1619 ndi Edward Alleyn, yemwenso anali wochita zisudzo wotchuka m'nthawi ya Shakespeare. Kumeneko ndi kumene anayambira kuchita masewero a pasukulu, monga momwe akuchitira ana anuwo, kenako analowa m'gulu la achinyamata la National Youth Theatre. Mu 1995, ali ndi zaka 18 zokha, anali atatenga kale pasiteji mbali ya Othello, mkulu wa asilikali wa m'sewero la Shakespeare. Anapeza malo kusukulu ya zisudzo ya LAMDA, koma sanamalize maphunzirowo chifukwa Steven Spielberg, wotsogolera mafilimu wotchuka wa ku America, anamusankha kuti akakhale nawo mu filimu ya Amistad, imene inatuluka mu 1997. Filimuyo imafotokoza za anthu a mtundu wa Mende amene anagwidwa ukapolo, n'kuukira m'sitima yapamadzi mu 1839, kenako n'kukazengedwa mlandu ku America. Ejiofor anali James Covey, womasulira pakati pa anthu ogwidwawo ndi maloya awo, ndipo ankagwira ntchito pambali pa zimphona monga Anthony Hopkins ndi Morgan Freeman.

Apa ndi pamene ndikufuna kuti ana anu amvetsere. Mnyamata wa zaka 20 amene wagwira ntchito ndi Spielberg, ambiri akanayembekezera kuti akhazikika ku Hollywood n'kumasaka mwayi wina komweko. Iye anabwerera ku London n'kupitiriza za pasiteji. M'chaka cha 2000 anachita sewero la Blue/Orange ku National Theatre, limene lili ndi atengambali atatu okha: mnyamata wakuda amene wagonekedwa m'chipatala cha matenda a maganizo ndipo akunena kuti ndi mwana wa Idi Amin, ndi madokotala awiri amene akukangana ngati ali woyenera kutulutsidwa kapena ayi. M'sewero la anthu atatu mulibe pobisala, chifukwa maso a oonerera amakhala pa iwe ngakhale pamene akulankhula ndi mnzako. Chaka chomwecho anatenganso mbali ya Romeo pa bwalo lomwelo. Filimu imene inamutsegulira khomo lenileni inabwera mu 2002, Dirty Pretty Things ya Stephen Frears, mmene anali Okwe, dokotala wa ku Nigeria wokhala ku London wopanda zikalata zomuloleza, amene masana amayendetsa takisi ndipo usiku amalandira alendo pahotela, mwana wake wamkazi atamusiya kwawo. Amene anaionera adzakumbukira kuti munthu ameneyo salankhula zambiri, koma kutopa ndi mantha zimaoneka pa momwe waimira.

Pambuyo pake mafilimu anayamba kubwera motsatizana, koma chakumapeto kwa 2007 anabwereranso kwa Othello, ulendo uno ku Donmar Warehouse, nyumba ya zisudzo yaing'ono ya mipando 251 yokha, mmene oonerera amakhala mbali zitatu za siteji ndipo a mzere woyamba amamva ngakhale kupuma kwa wosewera. Ewan McGregor ndiye anali Iago, uja amanamiza mkulu wa asilikaliyo kuti mkazi wake akumuzembera mpaka mwamunayo kupha mkazi wosalakwa. Pa ntchito imeneyi Ejiofor analandira mphotho ya Olivier mu 2008, imene ndi yapamwamba kwambiri pa zisudzo za ku London. Kuti mumvetse kulemera kwake, dziwani kuti ngakhale Othello ndi munthu wakuda m'sewerolo, kwa zaka mazanamazana mbaliyi inkatengedwa ndi azungu odzipaka zakuda kumaso. Ira Aldridge anaichita ku Covent Garden mu 1833 ndipo Paul Robeson anaichita ku London mu 1930, koma anali owerengeka, moti Laurence Olivier mwini wake, amene mphothoyo inatengera dzina lake, anadzipaka zakuda pochita Othello mu 1964. Mwana wa anthu ochokera ku Nigeria kulandira mphotho imeneyo pa mbali imeneyo chinali chinthu chachikulu kwa osewera akuda a m'dzikomo.

Sanalekere pomwepo. Mu 2013 anali Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya dziko la Congo, pasiteji ya Young Vic, m'sewero la Aimé Césaire lotchedwa A Season in the Congo, ndipo mu 2015, dziko lonse litamudziwa kale, anabwerera ku National Theatre kukachita Everyman.

Tsopano funso lanu lenileni. Pasiteji anthu amayeserera kwa masabata angapo, kenako amachita sewero lonse kuchokera poyambira mpaka pothera popanda wina wowaimitsa, ndipo m'nyumba zikuluzikulu za ku London amabwereza zimenezi maulendo pafupifupi 8 pa sabata kwa miyezi. Munthu wotero amaphunzira zinthu ziwiri. Choyamba ndi kumvetsera mnzake, chifukwa ukangodikira nthawi yako yolankhula oonerera amazindikira msanga kuti maganizo ako sali pamenepo. Chachiwiri ndi kudziwa pamene mtengambali wake wafika pa ulendo wake wonse. Filimu siijambulidwa motsatira nkhani. Mungathe kujambula mathero lero, chiyambi mawa, zonse m'tizidutswa tatifupitifupi. Ndiye kuti tsiku lojambula mkangano wa njinga, wosewera ayenera kufika atasenza kale m'thupi mwake njala ya miyezi yambiri, manyazi a bambo amene walephera kulipira fizi, ndi mantha otaya chinthu chomaliza chimene watsala nacho, ngakhale zina mwa zimenezo zisanajambulidwe. Luso losenza nkhani yonse chonchi, m'kuona kwanga, limaphunziridwa pasiteji, ndipo ndi limene linawakhalitsa chete ana anu.

Jere

Bambo Chisale, mbiri mwaifotokoza bwino ndipo sindikutsutsa chaka ngakhale chimodzi, koma pa mfundo yomalizayo ndikusiyana nanu pang'ono. Ine ntchito yanga ndi yogwira kamera, ndipo ndakhala ndikujambula anthu amene pasiteji ndi akatswiri enieni koma kamera ikawayang'ana zonse zimasokonekera. Wina amene ndinagwira naye ntchito ankatulutsa mawu ngati akulankhula ndi munthu wokhala kumpando wakumbuyo kwa holo, maso ali tong'o, manja ali m'mwamba, pamene kamera inali pafupi ndi mphuno yake. Tinabwereza kambirimbiri mpaka dzuwa kutithera. Siteji imaphunzitsa kukuza zinthu kuti zifike patali, pamene kamera imafuna kuti uzichepetse, ndipo si onse amene amatha kusiya chizolowezi choyambacho.

Chimene chimandigometsa mwa a Ejiofor ndi chakuti anaphunzira kuchepetsa. Umboni wake uli mu 12 Years a Slave, filimu ya Steve McQueen ya mu 2013, mmene anali Solomon Northup, munthu wakuda amene anali mfulu ku New York, woimba vayolini, yemwe anabedwa ku Washington mu 1841 n'kugulitsidwa ukapolo m'minda ya ku Louisiana mpaka 1853. Muli malo awiri amene ndimawaonetsa aliyense amene ndikufuna kumujambula. Oyamba ndi pamene amumangirira chingwe m'khosi pamtengo n'kumusiya zala za kumapazi zokha zikukhudza matope. Kamera siisuntha kwa nthawi yaitali, kumbuyo akapolo anzake akupitiriza ntchito zawo, ana akusewera, ndipo chimene ukumva ndi kubanika kwake basi, mapazi akufufuza poponda. Achiwiri ndi pamaliro a kapolo mnzawo, anthu akuimba nyimbo kumanda. Kamera ili pankhope yake yokha. Poyamba pakamwa pali potseka, chifukwa kwa zaka zonsezo wakhala akudziuza kuti iye si mmodzi wa iwo ndipo tsiku lina adzabwerera kwawo, kenako milomo imayamba kugwedera, mawu n'kutuluka pang'onopang'ono mpaka kuimba ndi mtima wonse. Palibe chiganizo ngakhale chimodzi chofotokoza zimene zasintha mumtima mwake, koma woonerera amamva zonse. Zoterezi pasiteji yaikulu sizingaoneke, chifukwa munthu wa kumbuyo sangaone kugwedera kwa mlomo.

Pa mbali imeneyi analandira mphotho ya BAFTA, ya mafilimu ku Britain, mu 2014 ndipo anapikisana nawo pa Oscar, imene inapita kwa Matthew McConaughey, mnzake amene anali naye mu Amistad zaka zambiri m'mbuyomo. Filimuyo inapambana ngati filimu yabwino koposa, ndipo Lupita Nyong'o wa ku Kenya anapambananso. Za mafilimu akuluakulu a ndalama zambiri monga The Martian ndi Doctor Strange, kapena mawu a Scar mu The Lion King ya 2019, sindinenapo zambiri, chifukwa mmenemo amagwira ntchito yake mwaukhondo koma simupezamo chimene Mayi Naphiri akufunsa.

Pamene ndikugwirizana nanu, Bambo Chisale, ndi apa: McQueen amakonda kusiya kamera ikuyenda kwa mphindi zingapo osadula, ndipo wosewera amene anazolowera tizidutswa ta masekondi ochepa sangapirire pamenepo, amayamba kuphethiraphethira kudikira kuti auzidwe kuti basi. Kupirira kumeneko n'kwa pasiteji. Choncho Mayi Naphiri, ana anuwo asasiye kuyeserera sewero lathunthu, komanso musawaletse timakanema tapafoni, chifukwa foniyo ndi imene idzawaonetse nkhope zawo ndi kuwaphunzitsa pamene awonjeza.

Nambewe

Ndawerenga zonse ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma ndikuona kuti nkhani ya chilankhulo tikuilambalala, pamene ndi imene anayambira Mayi Naphiri. Ana aja sanalakwe kuseka. Anamva chinthu chimene khutu la Mchewa silingalephere kumva.

Chichewa si mawu olembedwa papepala okha amene munthu angawaloweze pamtima. Chili ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu kumene kumasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, ngakhale zilembo zake n'zofanana. Chili ndi kampweya kamene kamasiyanitsa kuponya ndi kuphonya. Chilinso ndi kukoka kumene timakoka mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto tikamatsiriza chiganizo, kumene mwana amakuphunzira ali kumsana koma mlendo sakumva n'komwe. Munthu amene waphunzira mawu ake kwa miyezi yochepa, ngakhale akhale wakhama chotani, zinthu zimenezi zimamupulumuka, ndipo zinawapulumuka a Ejiofor pamodzi ndi anzawo. Tikumbukire kuti Maxwell Simba amene anali William ndi wa ku Kenya, Aïssa Maïga amene anali mayi ake anabadwira ku Senegal n'kukulira ku France, ndipo Joseph Marcell amene anali mfumu ndi wa ku Britain. Lily Banda, amene anali mlongo wake wa William, akangolankhula mumamva kuti tsopano m'nyumbamo mwalowa munthu wakwathu, ndipo kusiyanako kumachita kuonekeratu. Philbert Falakeza amene anali Gilbert, mnzake wa William, n'chimodzimodzi. Kwa woonerera wa ku London amene akuwerenga mawu omasulira pansi pa kanema zonsezi palibe, koma kwa ife zilipo, ndipo ndikanakonda kuti mbali ya bambo kapena ya mayi ikanapatsidwa kwa Mmalawi, popeza ochita zisudzo okhwima dziko lino silinayambe lasowapo.

Ndanena zimenezi, ndiyeneranso kunena zimene zinandichitikira. Njala ya 2002 ndinaiona ndi maso anga ndili mtsikana. Ndikukumbukira gaga akusanduka chakudya cha anthu, ena akukumba zitsa za nthochi, anthu akuyenda mitunda italiitali kusaka ganyu woti alipidwe kambale ka ufa. Koma chimene chinakhazikika kwambiri m'mutu mwanga ndi bambo anga atakhala pakhonde madzulo, manja ali pamaondo, osalankhula ndi wina aliyense, ndipo ukawafunsa kanthu kakang'ono ankakukalipira ngati wawatukwana. Tinkaganiza kuti asanduka munthu wankhanza, koma anali manyazi. Nditaona a Ejiofor akuuza banja kuti tsopano lizidya kamodzi patsiku, kenako akulima dothi louma gwa ngati kuti khasu lingaitane mvula, ndinawaona bambo anga. Mapewa aja, kayang'anidwe kaja kothawa maso a mkazi wawo, ukali uja wobisa mantha, zonsezo anazipeza molondola, ndipo sindinathe kuimaliza filimuyo ulendo woyamba.

Ndiye mtima wanga uli pawiri. Ndimawayamikira kuti anakajambulira ku Kasungu komweko m'malo mopita kudziko lina kumene kuli zipangizo zambiri, kuti sanasankhe njira yapafupi yongolankhulitsa aliyense Chingerezi, kuti magawo a filimuyo anawapatsa mitu ya Chichewa monga Kufesa, Njala ndi Mphepo, ndiponso kuti Gule Wamkulu anamuonetsa mwaulemu pamaliro osati ngati chinthu choopseza alendo. Koma kuyamikira kumeneko sikukutseka khutu langa. Mayi Naphiri, muwauzenso ana anu kuti filimu imasintha zina: makina amphepo oyamba a William ankayatsa mababu ndi wailesi kunyumba kwawo, ndipo zopopa madzi zinabwera pambuyo pake, pamene mu filimu anaziphatikiza kuti nkhani ya njala ithere pamunda wothiriridwa.

Chisale

Mayi Nambewe, mwanena zoona ndipo sindiyesa kuzifewetsa. Ndingowonjezera mmene zinthu zimayendera kumbali ya ndalama, osati pofuna kuikira kumbuyo koma kuti chithunzi chikhale chathunthu. Buku la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer linatuluka mu 2009, ndipo filimu inaonetsedwa koyamba pa chionetsero cha mafilimu cha Sundance ku America mu Januwale 2019, kenako pa Netflix mu Malichi chaka chomwecho. Pakati pamenepa pali zaka 10. Mabungwe amene anaikapo ndalama, monga BBC Films, BFI ndi Participant Media, ankaika pa munthu amene anali asanatsogolerepo filimu yaitali, pa nkhani ya kumudzi, m'chilankhulo chimene ogula ambiri sanachimvepo. Pa malonda otere dzina lodziwika pachikuto ndilo limakhala chikole, ndipo dzina limenelo linali lake. Ndikukhulupirira kuti akanapanda kutenga yekha mbali ya Trywell, ntchitoyo ikanavuta kwambiri kupeza thandizo. Pa mbali ya mayi ndi ya mfumu, pamenepo ndikugwirizana nanu kuti mpata unalipo. Dziwaninso kuti chifukwa cha kuchuluka kwa Chichewa mufilimuyi, dziko la Britain linaitumiza ku mpikisano wa Oscar m'gawo la mafilimu osakhala a Chingerezi, ngakhale siinafike pa omaliza.

Mawu anu andikumbutsa chinthu chimene ndinangochitchula modutsa. Ntchito yake yoyamba mu filimu yaikulu inali ya womasulira, wolankhula Chimende chimene sichinali chilankhulo chake, ataima pakati pa Aafirika ndi azungu. Mukayang'ana zimene wasankha kuyambira pamenepo, mupeza kuti wakhala akubwerera pamalo omwewo. Anali Thabo Mbeki mu Endgame ya 2009, yofotokoza zokambirana zachinsinsi zimene zinachitikira ku England tsankho la ku South Africa lili pafupi kutha. Anali Lumumba pasiteji. Anali Odenigbo mu Half of a Yellow Sun ya 2013, yonena za nkhondo ya Biafra ya 1967 mpaka 1970 imene inakhudza mtundu wa makolo ake enieni. Kenako anali Trywell. Ndi mwana wa ku London amene amanyamula nkhani za ku Africa kupita nazo kwa anthu akunja, ndipo eni nkhani ali ndi ufulu wonse womuuza pamene lilime lake lapunthwa, monga mwachitira inu. Filimu yachiwiri imene watsogolera, Rob Peace ya 2024, ndi ya ku America, ndipo mmenemonso anadzipatsa mbali ya bambo, ulendo uno bambo amene ali m'ndende pamene mwana wake wanzeru akuyesetsa kumutulutsa.

Naphiri

Ndikuthokozeni nonse atatu. Dzulo masana ndinawawerengera ana zimene mwalemba, kuphatikizapo za bambo anu, Mayi Nambewe, ndipo pepani ngati ndinapyola malire, koma ndi pamene anamvetsera kwambiri. Ambiri mwa iwo anabadwa njala ija itapita kalekale, ndipo ena anati akafunsa makolo awo kunyumba.

Kenako tinayesa zimene a Jere ndi a Chisale akambirana. Ndinasankha ana awiri kuti achite mkangano wa bambo ndi mwana pa njinga, m'mawu awoawo a Chichewa chenicheni, kutsogolo kwa holo, anzawo atakhala kumbuyo kwenikweni. Anachita mokuwa ndipo anawomberedwa m'manja. Ulendo wachiwiri ndinawauza kuti abwereze osatulutsa liwu lililonse, mnzawo wina akujambula nkhope ya bamboyo ndi foni kwa mphindi ziwiri osadula. Mnyamata amene anali bambo anapirira masekondi ochepa, kenako anayamba kuseka, ndipo atadziona pafoni ananena yekha kuti sankadziwa choganiza pamene sakulankhula. Ndinamufunsa kuti bamboyo wadya chiyani dzulo lake, ali ndi ngongole kwa yani, ndipo njingayo anaigula atagulitsa chiyani. Anakhala chete kwa kanthawi n'kupempha kuti ayesenso Lachisanu, akakhala ataganizira mayankho ake. Mnyamatayo ndi yemwe uja anandifunsa funso loyamba, ndipo wapempha kuti Lachisanulo tiyambire sewero lonse pachiyambi tisanafike pa njinga.